Diresi la mashati a pakaunjika: kumalizitsa ndi singano yapamanja

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa asisi ena aku Zomba, nde ndinawayankha kuti nkhaniyi njaitali, bola ndiyankhire pano kuti enanso atolepo kanthu. Mwachidule analemba chonchi: "Ndinagula mashati awiri aakulu aamuna pakaunjika, ndawamasula nkusoka diresi, mmunsi ndaikamo kachidutswa kachitenje. Makina ndi a apongozi anga, Singer yakuda yopukusa ija, imangosoka mowongoka basi. Diresi yaima ndithu koma mpendero ukukhwinyata, mkati mukuyoyoka ulusi, mabowo a mabatani sindikudziwa ndiwatani, ndipo pomwe panali thumba pakuoneka timabowo. Ndingamalize pamanja? Sizizasomoka pochapa? Sindikufuna anthu azidziwira patali kuti ndasoka ndekha."

Asisi, eya mungamalize pamanja, ndipo kwa ine nsalu ya pakaunjika imamva dzanja kuposa makina. Chifukwa chake nchoti shati imene mwagula ku Limbe kaya ku Tsoka ku Lilongwe kaya mushopu ya DAPP inavalidwapo kale ndi munthu wina zaka kaya zingati, yachapidwa kambirimbiri, yapanikizidwa mubelo nkuwoloka nyanja, nde nsalu yake njotopa ndipo sinatope mofanana. Kumsana imakhala idakali yolimba, mkhwapa ndi mzigongono yaperepeseka, mbali ina inatamuka ina ayi. Makina sadziwa zimenezo, amangokoka chimodzimodzi paliponse. Chala chanu ndi chomwe chimamva kuti apa nsalu yafooka ndisakoke. Koma musandimve molakwa, misoko yaitali ya mmbali ndi mchiuno isiyeni ya makina momwemo, palibe chifukwa chodzizunzira. Dzanja ndi la pomalizira.

Musanatole singano, kwezani diresiyo padzuwa muyang'ane ngati mukuona dzira. Pomwe kuwala kukudutsa kwambiri ndi pomwe nsalu yatha, pamenepo musaikepo batani kapena thumba popanda kuika kansalu kena kunsi kolimbitsira. Funso lina, chitenjecho munachichapa musanasoke? Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, ukachichapa chimafewa ndipo chambiri chimabwerera pang'ono, pamene shati yakale inabwerera kalekale. Mukalumikiza ziwirizi osachapa, tsiku loyamba lochapa chitenje chikokera kwake shati nkutsala, ndi makwinya amenewo. Ngati simunachape, chapani diresi yonse panopa musanapinde mpendero, madzi ozizira, muonenso ngati utoto wa chitenje sukulowa mushati.

Za singano ndi ulusi. Singano zapamanja nambala ikamakwera singano imachepa, nde nsalu ya shati imafuna 8 kapena 9, jinzi imafuna yokulirapo ngati 5 kapena 6. Chisingano chachikulu chija chimabwera mupaketi chimasiya mabowo pansalu ya shati, chisungireni zina. Ulusi dulani waufupi, masentimita 45 kapena kuchoka kuchala kufika pachigongono, olo ulesi wolowetsa pasingano ukugwireni. Ulusi wautali umapiringizika, umapanga timfundo, komanso umatha mphamvu chifukwa ukudutsa munsalu kambirimbiri. Ukokeni kawiri pa sera wa njuchi, akasowa kandulo yoyera imathandizako. Ndipo ukhale umodzi osati wophatikiza, wophatikiza ndi wa mabatani okha. Ulusi wa poliyesita omwe wadzaza mmisikamu ndi wolimba kuposa nsalu yakale ya thonje, nde mukaukoka kwambiri sumaduka iwo, umadula nsalu. Mtundu ukasowa wofanana ndendende tengani woderako pang'ono, wowala umaonekera patali.

Tsopano mpendero, omwe ndi umene umaulula munthu. Ine azakhali anga omwe anandiphunzitsa ankati akafuna kudziwa ngati chovala chasokedwa bwino samayang'ana kutsogolo, amangotembenuza mmunsi. Choyamba ipachikeni diresiyo pa hang'ala igone usiku umodzi, makamaka ngati kumunsi kuli kotambalala, chifukwa mbali zomwe zadulidwa mopingasa zimatsika zokha. Mawa lake muivale ndi nsapato zomwe muzivalira, wina ayeze kuchokera pansi kukwera mmwamba ndi ndodo kapena rula nkumalemba ndi choko, kaya kasopo kotsala kaja kopyapyala, kamalemba bwino ndipo kamachoka pochapa. Osayeza kuchokera mchiuno, matupi athuwa kumbuyo kumanyamula nsalu, diresi imakathera yaifupi kumbuyo yaitali kutsogolo kkkk.

Mukadula, pindani sentimita imodzi nkusita, pindaninso masentimita atatu nkusitanso. Kusitako sikokometsera, ndi theka la ntchito yonse. Kaya ndi ayironi yamagetsi kaya simbi yamakala, ikani kansalu konyowa pamwamba ndipo muzidinda nkunyamula, osakhwekhwereza, kukhwekhwereza ndi komwe kumatamula mpendero nkuyamba mafunde aja. Kenako gwirizirani ndi msoko wautaliutali wa ulusi wamtundu wina womwe muzachotse, mapini okha amathawa.

Msoko weniweni ndi wobisika uja. Mfundo ibiseni mkati mwa mopindamo. Singano itole ulusi umodzi kapena uwiri wokha wa nsalu ya diresi, ndikutitu umodzi kapena uwiri, kenako ilowe mkati mwa mopinda muja iyende mobisala ngati theka la sentimita kapena kupitirira pang'ono, ituluke, itolenso ulusi umodzi kapena uwiri, choncho choncho mpaka kuzungulira. Kunja kumangooneka timadontho ngati tamchenga, pa chitenje sitioneka nkomwe. Chinsinsi chake ndi kusakoka. Ulusi ugone mofatsa, mukatambasula mpendero ndi manja uzilola. Anthu ambiri amaopa kuti zisomoka nde amakoka ndi mtima wonse, mapeto ake kunja kumaoneka timaenje mzere wonse. Pofuna kuti zisasomoke, pakatha masentimita khumi aliwonse bwerezani kawiri pamalo amodzi mkati mwa mopindamo, kuti olo chidendene cha nsapato chizakole nkudula ulusi, pazasomoke pang'ono pokha osati mpendero wonse kulendewera muli pakati pa ukwati. Ngati kumunsi kuli kotambalala kwambiri, mopindamo mumachuluka nsalu kuposa pomwe mukugoneka, nde chepetsani mpendero ukhale sentimita imodzi ndi theka basi, waukulu sugona.

Mkati moyoyoka muja. Matelala amapititsa pa ovaloku, makina ozenga mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, ndipo ngati pafupi nanu pali telala amene ali nayo palibe tchimo kumupatsa apititse. Koma nsalu ya shati njopyapyala, imalola njira ina yomwe ine ndimaikonda kwambiri: pa nsalu ziwiri zotsala kumsoko zija, dulani imodzi ikhale theka, inayo muipinde ikute inzakeyo, muigoneke mbali imodzi, musite, nkusoka ndi msoko wobisika womwe uja koma wothinana. Tembenuzani shati yaamuna yabwino muone mmbali mwake, ndi mmene amachitira kufakitale, kusiyana kwake iwo amapondetsa makina. Mkati mumakhala mosalala, palibe choyoyoka olo muchape pamwala. Pomwe msoko uli wokhota ngati mkhwapa, ingozengani mphepete ndi singano, kulowa kutuluka mopendekeka motalikirana mamilimita atatu kapena anayi.

Mkhosi ndi mkhwapa ngati diresi ilibe manja, apa nde zotsala za mashati zija zimagwira ntchito, musataye. Dulani timizere ta masentimita atatu kapena anayi mlifupi mopingasa nsalu, kuchoka kona kupita kona, ndi yomwe matelala amati bayasi. Yodulidwa chonchi imatamuka nkutsata kukhota kwa khosi, yodulidwa mowongoka imakana nkumaima ngati khutu. Mbali yoyamba lumikizani pamakina, kenako tembenuzirani mkati, pindani, sitani, nkumaliza pamanja. Ine ndimakonda kuika yamtundu wina mkati, mwachitsanzo shati yamizere mkati mwa yoyera, palibe amaona koma mwini wake umadziwa.

Tifike pa mabatani. Langizo langa loyamba mwina lachedwa: ngati kutsogolo kwa shati kuja komwe kuli mabowo kale simunakudule, kugwiritseni ntchito komweko, mabowo akufakitale ndi aulere. Dziwani chabe kuti shati yaamuna mabowo amakhala kumanzere mabatani kumanja, zaakazi zimakhala mosemphana. Ena zimawavuta mumtima, ine sindinaonepo munthu ataimitsidwa pamsewu chifukwa cha zimenezo.

Ngati mukuboola atsopano, yambani mwayeserera pa kansalu kotsala katatu konse, ndikunenetsa. Ine bowo langa loyamba ndinaboolera pa bulauzi yeniyeni ndi lezala, dzanja linaterereka lezala nkupitirira mpaka mphepete, ndinalira ngati mwana. Kuyambira pamenepo ndimabaya pini mopingasa kumapeto kwa mzere kuti lezala ikafika iime. Kutalika kwa bowo ndi kukula kwa batani kuphatikiza kunenepa kwake, batani lopyapyala la shati mumangowonjezera mamilimita awiri kapena atatu. Pakati pa nsalu yakunja ndi yamkati pomwe mukuboolapo pakhale sitifu, kansalu kolimbitsira kamene matelala amaika mkati, kapena kansalu kena kolimba, popanda zimenezo bowo limayasama pakatha mwezi. Musanadule, sokani timsoko ting'onoting'ono kuzungulira mzerewo, mamilimita awiri kuchoka pamzere mbali zonse, kenako dulani, nkuzenga mphepete msanga zisanayambe kuyoyoka. Ndiye msoko wa bowo: singano ilowe kuchokera mubowo ituluke pa timsoko tija, musanaisolole zungulizani ulusi kunsi kwa nsonga yake, sololani nkukokera chakubowo kuti kamfundo kakhale pamphepete penipeni. Wotsatira ukhale moyandikana kwambiri, timfundoto tipange mzere ngati mikanda, ndi timene timateteza nsalu batani likamadutsa. Kumapeto kuwiri konse pingasani kanayi kapena kasanu. Bowo limodzi poyamba likutengerani mphindi 20 kapena kuposa, nde ngati diresi ikufuna mabowo khumi ganizani bwino, pena nzeru ndi kusokerera kumunsiko kukhale kotseka, mabatani ongokongoletsa, nkuboola anayi okha akumtunda.

Posoka batani ikani kamtengo ka machesi pamwamba pake muzisoka modumpha kamtengoko, mukamaliza chotsani, kwezani batani nkukulunga ulusi kunsi kwake kasanu. Limakhala ndi kakhosi, nsalu inayo imapeza pokhala, ndipo silikoka nsalu. Pansalu yotopa ikani kabatani kakang'ono kapena kansalu kuseri, mphamvu izigwera pamenepo. Ndipo mabatani a mashati onse awiriwo mwasunga eti? Ine shati yong'ambika ndimatha kuigula chifukwa cha mabatani okha.

Zipi simunafunse koma ndingotchulako: pansalu yopyapyala imakhala bwino kwambiri pamanja, ndi msoko wobwerera mmbuyo pang'onong'ono, kunja kumangooneka kadontho pa theka la sentimita lililonse.

Nanga timabowo ta pomwe panali thumba? Apa ndinene zoona. Nyowetsani pamalopo, kandani pang'onopang'ono ndi chikhadabo mbali zonse kuti ulusi wa nsalu ubwerere mmalo, nkusita ndi kansalu konyowa. Pa thonje nthawi zambiri timabowo timatsekeka, makamaka mukachapanso kamodzi kawiri. Mzere wa pomwe panali popinda umamvera madzi osakaniza ndi viniga woyera theka ndi theka, kenako ayironi. Koma ngati vuto ndi mtundu, kuti shati yonse inasuluka ndi dzuwa koma kunsi kwa thumba kunatsala kowala, chimenecho sichichoka olo mutani, chimodzimodzi mzere woyera uja umatsala ukamasula mpendero wa jinzi. Pamenepo njira ndi kuphimba kapena kuvomereza. Dulani thumba latsopano la chitenje chomwe mwaika mmunsicho, likulepo sentimita imodzi mbali zonse kuposa lakale, mulisokerere pamanja, ndipo mmakona akumtunda mupingase kangapo ndi kansalu kuseri chifukwa thumba limayambira pakona kung'ambika. Anthu aziona ngati munachita kukonza dala kuti thumba lifanane ndi mmunsi.

Zoti anthu asadziwe kuti mwasoka nokha, ine maganizo anga ndi ena pang'ono. Chomwe chimaoneka patali si dzanja ayi, ndi kusasita ndi kukoka ulusi. Misoko yanu yoyamba siifanana kutalika, zimenezo nzachidziwikire, nde yambirani kumbuyo kwa diresi kuti pofika kutsogolo dzanja likhale litazolowera, ndipo muzisoka masana pakhonde osati usiku ndi tochi ya foni magetsi atazima. Chala chapakati chikayamba kuwawa ndi kukankha singano kulungani kapulasitala.

Pochapa, itembenuzeni, madzi ozizira, osapotokola mwamphamvu pofinya, nkuyanika pamthunzi kuti chitenje chisasuluke. Mukamaliza munditumizire chithunzi cha mkati mwake, kunjako ndikudziwa kale kuti kukhala bwino. Ndipo mundiuze mabowo munaboola angati.