"My mother he went": yankho kwa mtsikana wa ku Ngabu

Mtsikana wina wa Fomu 3 ku Ngabu wanditumizira imelo, akuti kompozishoni yake yabwerako ili psuu ndi inki yofiira chifukwa analemba "my mother he went to Nchalo", ndiye akufunsa kuti walakwa pati poti iye amaona ngati zikumveka bwinobwino.

Chemwali, usadzione ngati mbuli. Ifeyo timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, pa Chisena ndi "iye" yemweyonso, ndiye mutu sunazolowere kusankha. Chizungu chimafuna usankhe: he, him, his kwa mwamuna, she, her, hers kwa mkazi. Koma pachiganizo chakocho ngakhale ukanalemba she chikanalakwikabe, chifukwa ukatchula kale dzina mlowam'malo safunikanso. Chimatipusitsa ndi ka "a-" ka mu "mayi anapita" kaja, timafuna nako tikapezere mawu ake. "My mother went to Nchalo", basi yakwana.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi cha ulemu. Mwana woleredwa bwino sanganene "bambo wabwera", amati "abambo abwera", ndiye akalowa mkalasi amalemba "my father they have come" ndi mtima wabwino ndithu, koma woyesa mayeso akawerenga amafunsa kuti abambowo alipo angati. Chizungu sichiika ulemu mu alowam'malo, you ndi you yemweyo kaya ukuyankhula ndi mng'ono wako kaya ndi Mfumu Lundu. Lemba "my father has come", sunawachite chipongwe ayi. They wa munthu mmodzi alipo inde, koma makamaka pamene sukumudziwa munthuyo, ngati "someone left their bicycle at the borehole".

Za I ndi me ndi zosavuta. "Me and my brother crossed the Shire", chotsapo mchimweneyo uone, "me crossed the Shire" sizikumveka eti? Ndiye kuti ndi "my brother and I". Koma pambuyo pa between, with kapena for pamabwera me, "between you and me".

Pa MSCE chaka chamawa usanapereke pepala, bwerera mzere ndi mzere, paliponse pali he kapena she uime kaye uganizire nkhope ya munthuyo, wavala chitenje kapena ali ndi ndevu.