Funsani Aphunzitsi: Chigongono chikundikaniza ngakhale kunyamula ketulo

Funso: Aphunzitsi, kwathu ndi ku Dómuè koma ndimagwira ntchito ku Moatize. Ndili ndi zaka 34. Chaka chatha anzanga anandikopa kuyamba tenesi, ndipo timasewera pabwalo la simenti mumzinda wa Tete Loweruka ndi Lamlungu, maola atatu tsiku lililonse. Mwezi wachiwiri uno chigongono chakumanja chikundipweteka chakunjaku. Ketulo ikundikanika, moni wa pamanja ndikuchita kuuopa. Anzanga akuti ndikabayitse jakisoni. Ndipite, kapena ndingoipachika raketi?

Yankho: Achimwene, zonse ziwirizo ayi. Choyamba gwirani kafupa kotuluka kunja kwa chigongonoko, mutsetsereke pang'ono kulowera kudzanja, mudinize. Ngati mwati "mayo!", ndi pomwepo. Minofu yomwe imadzutsa dzanja ndi zala imamangirira pakafupa kameneko ndi mtsempha wolimba ngati luzi. Luzilo likamakokedwa mobwerezabwereza osapatsidwa mpata wochira, timaulusi take timayamba kunyotsoka. Ululu umenewu madokotala amautcha tennis elbow, koma dzinali lisakupusitseni: ambiri odwala sanagwirepo raketi. Malemu malume anga ku Tsangano unawagwira chifukwa cha khasu la kachewere, ndipo akalipentala amaudziwa bwino.

Chakupwetekani ndi kasewerede kanu ka mlungu. Masiku asanu mkono uli pa desiki kapena pa chiwongolero, kenako maola asanu ndi limodzi m'masiku awiri. Minofu imazolowera ntchito msanga, koma mtsempha ndi kamba, umatenga miyezi. Bola mphindi 45 katatu pamlungu, mosiyanitsa masiku.

Ndisanakuoneni nkomwe, ndikuganiza kuti backhand, kumenya kuja kwa mpira wobwera kumanzere kwanu, mumamenya ndi dzanja limodzi, ndipo mpira umakupezani mochedwa. Inenso ndinali choncho pomwe ndinkaphunzitsa zolimbitsa thupi ku Ulóngwe. Ndinkaima njo ngati mtengo wa magetsi, mpira ufike pambali pa mchiuno, ndiye n'kuukankha ndi dzanja lokha. Patatha miyezi itatu choko chinkandigwa m'manja ndikulemba pabolodi. Mphamvu ya tenesi imachokera pansi: phazi likankhe simenti, mawondo apinde, chiuno chitembenuke, phewa litsatire, mkono ungomalizitsa. Pa kuseva, kumenya koyambitsa mpira kuja, pafupifupi theka la mphamvu limachokera m'miyendo ndi m'thunthu. Miyendo ikachita ulesi, ngongole yonse amalipira ndi chigongono. Tembenukani msanga mpira usanadunde, mukumane nawo kutsogolo kwa thupi, ndipo ngati n'kotheka phunzirani backhand ya manja awiri. Si chamanyazi, katswiri wa tenesi Novak Djokovic amamenya choncho.

Kunena za Djokovic, iyenso chigongono chinamuvutapo. Anatuluka m'bwalo pakati pa masewera pampikisano waukulu wa Wimbledon mu 2017, osaseweranso chaka chonsecho, n'kuchitidwa opaleshoni kumayambiriro kwa 2018. Chikho cha Wimbledon anadzachitenganso mu Julayi 2018. Munthu wokhala ndi madokotala akeake anadikira chaka chathunthu, ndiye inu musayembekeze kuchira pofika Loweruka likubwerali.

Jakisoni amene anzanu akunena ndi wa cortisone. Amaziziritsa ululu kwa milungu ingapo, zoona, koma kafukufuku wasonyeza kuti pakatha chaka obayidwa sakhala bwino kuposa osabayidwa, ndipo ambiri ululu umabwereranso. Choopsa n'choti ululu ukazilala mumathamangira kubwalo luzi lija likadali lonyotsoka.

Mankhwala enieni ndi otopetsa. Khalani pampando, mkono ugone patebulo, dzanja lilendewere m'mphepete chikhatho chitayang'ana pansi. Gwirani botolo la madzi la theka la lita. Dzanja linalo likuthandizeni kulikweza, kenako litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka kanayi. Kutsitsako ndiye mankhwalawo. Chitani ka 15, mupume, mubwereze katatu, tsiku lililonse. Zikayamba kupepuka, thirani mchenga m'botolomo. Kaululu pang'ono n'kololeka, koma mukadzuka m'mawa kukupweteka kuposa dzulo, mwapyola muyeso, chepetsani. Ambiri amachira mkati mwa chaka. Zala zikamachita dzanzi, chigongono chikatupa, kapena ululu ukamachokera m'khosi, pitani kuchipatala, imeneyo ndi nkhani ina.

Yang'ananinso zida. Mukagwira chigwiriro cha raketi, pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho pazilowa chala cholozera cha dzanja linalo. Chigwirirocho chikachepa mumafinya mopitirira. Zingwe za raketi zokungika kwambiri zimatumiza kugunda konse m'mkono. Ndiye mipira ija yakutha ubweya, yomwe timaisunga mpaka kuyera ngati dzira chifukwa yatsopano ndi yodula komanso yosowa kuno: yaphwa mpweya, imafuna kuti muzimenya mwamphamvu. Pobwerera kubwalo yambani ndi mipira ya dontho lobiriwira, yomwe bungwe loyendetsa tenesi padziko lonse la ITF linakonzera ophunzira. Ndi yofewa ndipo imayenda mochedwerako.

Chomwe simunafunse: mzinda wa Tete si wozizira ngati kwanu ku Angónia. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, simenti n'kumawotcha kudutsa m'nsapato. Munthu wotopa ndi dzuwa miyendo imayamba kufa, n'kubwereranso kumenya ndi dzanja lokha. Sewerani m'mamawa. Dzipimeni pasikelo musanayambe ndi mukamaliza: kilo imodzi ikachoka, ndiye kuti pafupifupi lita imodzi ya madzi yatuluka, muibwezere. Ketulo ija, pakadali pano muziinyamula chikhatho chitayang'ana kumwamba, kapena ndi lamanzere.