Ndigulitse chimanga changa pano kapena ndisunge?

Funso: Akonzi, tikangokolola mavenda amagula chimanga chathu motchipa, koma pofika Januwale chimanga chomwecho timachigula modula. Kodi amatibera? Nanga matumba anga 20 ndikawasunga, ndipindula? Ndine mlimi wa ku Mchinji.

Yankho: Bambo, sikelo zina zimabadi, koma chimene chimagwetsa mtengo kwambiri ndi kuchuluka kwa chimanga pamsika. Kuyambira Epulo mpaka Juni alimi amakolola nthawi imodzi, ndipo aliyense akufuna ndalama ya fizi ndi yobweza ngongole ya feteleza. Ogulitsa ndi ambiri, ogula pamudzi awiri kapena atatu, ndiye wotchula mtengo amakhala wogula. Boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa wogulira mbewu, koma ADMARC ikachedwa kutsegula misika, venda alibe wopikisana naye. Pofika Disembala nkhokwe zauma, ofuna chimanga achuluka, mtengo nkukwera.

Komatu kusunga si kwaulere. Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 lili pa K30,000 lero ndipo mu Januwale lidzafika K45,000. Pa K15,000 yapamwambayo chotsanipo ndalama ya matumba, ya mankhwala, ndi chimanga chimene anankafumbwe ndi makoswe adye. Chimene ambiri amaiwala ndi ngongole. Ngati munatenga K30,000 kubanki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, mwezi uliwonse imabala K6,000, ndipo miyezi 3 isanakwane phindu lonse losungira lapita. Wangongole yotere agulitse matumba okwanira kuibweza, asunge otsalawo, atapatula kaye chakudya cha banja chofika kukolola kwina.

Komanso si chaka chilichonse chimene mtengo umakwera. Mu 2017 chimanga chinachuluka, kugulitsa kunja kunali koletsedwa, ndipo osunga ambiri sanapeze kanthu.

Mukasankha kusunga, chiume bwinobwino. Thirani maso a chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali, chiyanikeninso, apo ayi chichita nkhungu. Matumba a PICS, omwe salowa mpweya akamangidwa, safuna mankhwala chifukwa tizilombo timafa posowa mpweya, koma mapulasitiki awiri am'kati muwamange lililonse palokha, ndipo likabooka ntchito yatha. Sanjikani matumbawo pathandala, osakhudza pansi kapena khoma.

Pogulitsa, phatikizani matumba anu ndi a anzanu a kukalabu. Wogula matumba 200 pamalo amodzi amapulumutsa ndalama ya thiransipoti, choncho amamva mukanenerera mtengo.