Dzino la giya ya winchi saliwotcherera, achimwene

Achimwene musalole. Auzeni azimitse makina owotchererawo, mupite lero lomwe mukatenge giyabokosi yanuyo, ngakhale ili m'zidutswa muiwolere m'thumba mubwere nayo kunyumba. Ndangoona pamene mwalemba kuti makaniko akuti dzino lothyoka pa sun gear, kagiya kakang'ono ka pakati mu giyabokosi ya winchi yanu, "tingolidzaza ndi rodi kenako tipale ndi galainda", mtima wanga wachita kuti phaa, chifukwa ntchito yomweyo inandichitikira ine mobisa, ndipo inatsala pang'ono kundiphetsa mwana wa mchemwali wanga.

Enanu mukuyankha kuti zimatheka, munapangapo pa thirakitala. Thirakitala giya ikasweka imangoima m'munda, mumatsika n'kukakhala pamthunzi. Winchi ikasweka giya katundu ali pa chingwe, katunduyo amapita. Ambiri amaganiza kuti buleki ya winchi za hydraulic zimenezi imagwira dilamu yokulungira chingwe. Ayi. Buleki ili kumbuyo uko pafupi ndi mota, timbale tambiri topanikizidwa ndi masipuling'i, timamasuka pokhapokha presha ya oyilo ikafika. Bulekiyo imagwira shafti yolowa, shafti imagwira sun gear, sun gear imagwira ma planet, timagiya toizungulira, ma planet amagwira carrier, chitsulo chimene akhalapo, ndiye mphamvu n'kumapita choncho mpaka ku dilamu. Kulemera konse kwa thiraki imene mukukoka kumatsamira pa mano omwewo, kaya mukukoka kaya mwaima. Dzino limodzi likagumuka n'kupita kukaswa anzake, buleki imakhala yagwira zolimba shafti yopanda kanthu, dilamu ikuzungulira payokha. Palibe chogwirira chimene mungakoke pamenepo.

Yanga ndinaipereka kwa mkulu wina wa galaja ku Kanengo uko, yemwe aliyense ankamutama kuti za hydraulic ndiye kwawo. Vuto linali longa lanuli, kulira kwachilendo ikamakoka komanso oyilo kutuluka pa breather, kabowo kopumira giyabokosi. Anatsegula ine kulibe, anandiimbira kuti magiya atha, pafunika seti yatsopano kuchokera ku Johannesburg. Ndinalipira yonse, ya seti, ya transipoti, ya msonkho wa pa boda, ya ntchito yake. Anandibwezera itapentedwa bwino, yakuda yonyezimira, mabawuti atsopano kunja. Tinayesa pagalaja pomwepo kukoka kapikapu kakufa pamalo athyathyathya, inakoka mwakachetechete.

Ntchito yoyamba yeniyeni inabwera usiku, mu Januwale, mvula ikuchita kukhuthuka. Thiraki yodzaza fetereza inatsetsereka m'mbali mwa M1 kupitirira Kamphata ngati ukupita ku Dedza, mutu uli m'mwamba, ngolo yake yalendewera kumtsetse, matayala akumbuyo atamira m'dothi lofiira lija loterera. Tikufika tinapeza anthu a m'midzi yozungulira atafika kale, ena ndi njinga, ena matumba opanda kanthu atawapinda m'khwapa, angoima chete kudikira kuti igwe. Wapolisi mmodzi ndi tochi akuyesa kubweza magalimoto. Mwini katundu akuimba foni mphindi iliyonse, bwana mwafika pati, bwana fetereza akunyowa.

Tinachita zonse mwa dongosolo. Breakdown yanga yokokera magalimoto ndinaiimika pouma, tinatsitsa miyendo, zipika kumatayala, tcheni pa chasisi, snatch block, gudumu lodutsamo chingwe, kuti chingwe chibwerere kawiri mphamvu ichuluke. Chingwe tinachitulutsa chambiri kuti tikokere pa mizere yapansi ya dilamu pamene winchi imakhala ndi mphamvu zake zonse. Mwana wa mchemwali wanga uja ntchito yake inali yotsatira ndi chipika, thiraki ikakwera pang'ono iye aziika kumbuyo kwa tayala. Ndinayamba kukoka pang'onopang'ono, injini ikulira bwino, thiraki inayamba kutuluka m'matope, mwina mamita awiri. Ndinabweza chogwirira pakati kuti aike chipika. Inagwira. Ndinakokanso. Apo ndinamva kuti kha, kamodzi, mkati mwa dilamu, phokoso louma, ndinalimva mpaka m'dzanja pa chogwirira. Kenako kha kha kha motsatizana, kenako gwedegwede ngati mwathira miyala m'chigayo. Ndinasiya chogwirira kuti buleki igwire. Dilamu inangozungulira chobwerera, chingwe chikutuluka chikulira fwiii, madzi ndi girizi zikuthovokera kumaso kwanga.

Thiraki inabwerera ndi liwiro loposa limene inatsikira poyamba. Ndinakuwa dzina lake, mawu sanamveke ndi mvula ija. Ndinaona jekete yake yonyezimira ikuzimirira kuseri kwa tayala, kenako ngolo inapendekeka, matumba anayamba kugudubuzika, tenti inang'ambika, zonse phuu m'ngalande. Anthu aja anathamangira matumba. Ine ndinatsetsereka chokhala pansi mpaka kumunsi, ndikufufuza ndi manja m'matope, foni yagwa, sindikuona kanthu. Choyamba kuchigwira chinali gambuti yake, itapanikizika pansi pa tayala, yopanda phazi mkati. Achimwene sindikufuna munthu aliyense m'gulu muno adzagwire nsapato ya mwana wa mlongo wake m'njira imeneyo. Ndinakhala ndaigwira, miyendo yafa. Kenako ndinamva kuseri kwa thengo, "Amalume, ndili kuno." Analumpha chammbali, nsapato inatsalira, koma chipika chimene ananyamula chija tayala linachilavula n'kumumenya pa msongolo. Fupa linathyoka. Ndinamunyamula kumsana kukwera mtsetse uja, anthu akundidutsa ndi matumba a fetereza pamutu, palibe ngakhale mmodzi anati tikuthandizeni.

Za mwini katundu sindinena zambiri, tinakokanakokana mpaka ndinagulitsa kagalimoto ka akazi anga. Kwa mchemwali wanga ndiye mpaka pano timalankhulana mopepuka.

Titatsegula pulagi yokhetsera oyilo, munatuluka zamadzimadzi zotuwa, pa maginito a pulagi pali zidutswa zoti mutha kuzitola ndi zala. Kutulutsa carrier yoyamba, sun gear ndi yomwe ija yakale. Mano awiri odzazidwa ndi rodi, mbali mwake mwachita buluu ndi kutentha, mikwasa ya galainda ikuoneka ndi maso. Pa ma planet atatu, awiri anali akale, chimodzi chochokera m'makina ena, mano ofanana kuchuluka koma m'lifupi mosiyana, anachita kuikapo wochala wodula pa chitsulo wamba kuti chisagwedere. Tima needle roller, timabeya towonda ngati singano, mu planet imodzi tinali tosakwana, anangomata girizi kuti totsalato tisagwe pomanga. Ring gear, giya yaikulu ya mano a mkati yozungulira ma planet, imene inali yabwinobwino ndisanapite kwa iye, tsopano inali yokumbika kuzungulira konse. Ndipo relief valve anaimangitsa mpaka mkati kuti winchi izioneka yamphamvu. Valavu imene ikanatsegula presha itakwera, n'kuimitsa kukoka giya isanasweke, iye anaitseka pakamwa.

Ndinamutengera zidutswazo m'chidebe. Munthu uja osachita manyazi, anatola dzino limodzi, kuliyang'ana, n'kunena kuti bwana munakoka katundu woposa mphamvu ya winchi. Ndinati nanga seti ya ku Johannesburg ija ili kuti. Akuti inachedwa pa boda ndiye anangoti andithandize kaye ndisakhale osagwira ntchito. Kundithandiza. Ndalama anadya, risiti yake yolemba pamanja yopanda chidindo, ndipo mpaka lero akutsegula galaja m'mawa uliwonse, pakhoma analemba kuti katswiri wa hydraulic. Ndikamadutsa ndimaona ma breakdown ena ataima pamenepo. Dzina sinditchula pano, ma admin angandichotse, koma amene mumazungulira ku Kanengo mukamva munthu akulumbira kuti iye giya iliyonse amaidzutsa, dziwani.

Chifukwa chake kuwotcherera sikugwira n'chosavuta. Mano a magiya amenewa amaumitsidwa kunja kokha kufakitale, khungu lolimba kwambiri, mkati mofewerapo kuti dzino lizitha kulandira kugunda osasweka. Moto wa rodi umapha kuuma kumeneko pa dzino lowotchereralo ndi oyandikana nalo, n'kusiya timing'alu tosaoneka patsinde. Komanso kapindikidwe ka dzino si ka galainda ndi diso. Ubwino wonse wa giyabokosi yamtundu umenewu, ya planetary, ndi woti ma planet atatu kapena anayi amagawana katundu mofanana, n'chifukwa chake kabokosi kakang'ono kolowa m'dilamu kamakoka matani ambirimbiri. Dzino limodzi likatalika pang'ono chabe, planet imene lakumana nayo imasenza zonse yokha, zinazo zikungoyandama. Ndipo sun gear ndi yaing'ono, imathamanga kuposa zonse, dzino lililonse limakumana ndi planet iliyonse motsatizana. Tiyerekeze sun ya mano 18 mu ring ya mano 72, ring itaima: 72 kugawa ndi 18 kuphatikiza 1, ndiye 5. Magawo awiri otere ndi 25, kutanthauza kuti dilamu ikazungulira kamodzi, kagiya kanu kowotchererako kazungulira ka 25. Werengani nokha kuti dzinolo lamenyedwa kangati chingwe chisanalowe mamita khumi.

Musaiwalenso kufunsa chimene chinathyola dzinolo poyamba, apo ayi seti yatsopano idzapitanso. Mwati oyilo akutuluka pa breather. Kawirikawiri ndi seal ya shafti ya mota kapena seal ya pisitoni ya buleki imene yatha, oyilo wa hydraulic akulowa mu giyabokosi, kuidzaza, n'kusungunula oyilo wa magiya. Yang'anani ngati thanki ya hydraulic ikutsika popanda podontha panja. Oyilo akakhala woyera ngati wasakanizika ndi madzi, ndi madzidi, alowera pa breather kapena pa seal ya dilamu, makamaka inu amene mumatsuka ndi paipi ya presha. China ndi madalaivala okonda kukoka ndi galimoto, chingwe chamangika winchi yaima, iye n'kuika giya n'kudzutsa mwamphamvu. Kugunda kumeneko relief valve sikuona, kumapita molunjika m'mano. Chinanso kukokera pa mizere yapamwamba ya dilamu, pamene winchi imafooka, ndiye munthu m'malo motulutsa chingwe kapena kuika snatch block amakamanga valavu. Potulutsa chingwe musiye mizere isanu yozungulira pa dilamu, chomangira kumapeto kwa chingwe sichinapangidwe kuti chinyamule katundu.

Oyilo musangothira aliyense wa difu amene mwapeza pa shopu. M'winchi zambiri timbale ta buleki timasambira mu oyilo yemweyo wa magiya, ndipo oyilo wina ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amapangitsa buleki kutsetsereka katundu ali m'mwamba. Onani chimene chalembedwa pa kachitsulo ka winchiyo kapena m'buku lake.

Ndiye gulani seti yatsopano yonse, sun ndi ma planet onse pamodzi, ma pini, ma roller, mawochala, ma seal. Planet siisinthidwa imodzi. Ndikudziwa ndalama zakunja zikuvuta, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam chimachita kuwawa, koma ring gear ndi carrier zikaonongeka mudzalipira kuposa pamenepo. Za kaunjika musayerekeze, simudziwa kuti zinakoka chiyani kumene zachokera. Ngakhale kunena zoona yanga imene ikugwira panopa ndi ya kaunjika, ndinaichotsa pa kireni yakufa, chifukwa pa nthawiyo ya yatsopano ndinalibe. Koma ndinaitsegula yonse ndisanalipire, dzino ndi dzino ndi tochi, kufuna timaenje ndi timing'alu. Sinkagwirizana ndi mota yanga, ndiye mdala wina wa lathe ku Biwi, kashedi ka malata kopanda ngakhale chikwangwani, anandisemera adapta ndipo anawotchereranso mpando wake pa chasisi. Amakaniko a m'tauni muno musawakhulupirire, koma mdala ameneyo atandiuza kuti china chake chitheka ndimangovomera. Iyeyo nditamuonetsa sun gear ija anangoiponya m'chidebe cha sikirapu osalankhula.

Aliyense amene muti mumupatse ntchito, mukhalepo potsegula ndi pomanga, zida zakale akupatseni m'manja. Chivindikiro cha buleki chili ndi masipuling'i opanikizika, mabawuti amamasulidwa pang'onopang'ono mozungulira, osati limodzi mpaka kutuluka. Ngati yanu ili ndi sprag clutch, kachida kolola shafti kuzungulira mbali imodzi yokha, ikani chizindikiro mbali imene inayang'ana musanaichotse, ikalowa chozondoka buleki siigwira kumbali ya katundu. Mukamaliza, presha ya relief valve muike ndi geji, osati ndi khutu, ndipo muyese ndi katundu weniweni pamtsetse waung'ono, kukoka pang'ono, kuima, kuona ngati dilamu ikukwawa, popanda munthu kumbuyo kwa chokokedwacho.

Jambulani kachitsulo ka nambala kaja, muwerenge mano a sun, a planet ndi a ring pa gawo lililonse, ndi timano ta pa shafti yolowa mu mota, muike pano madzulo ano. Oyilo amene mwakhetsa musataye, thirani m'botolo loonekera mumujambulenso pamodzi ndi pulagi ya maginito. Ndipo ngati mwamupatsa kale dipoziti makanikoyo, imeneyo iwalani.