Funsani za Masamu: Kodi 2,147,483,647 ndi nambala ya mtundu wanji?

FUNSO: Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Ulongwe, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mwana wina wa m'kalasi mwanga anandionetsa masewera a pafoni amene mapointi ake anaima pa 2,147,483,647 osakweranso. Kodi nambala imeneyi ili ndi chiyani chapadera, ndipo ndingawafotokozere bwanji ana?
Mphunzitsi, Ulongwe

YANKHO: Zikomo aphunzitsi, ndipo mwanayo mumuyamikire chifukwa ali ndi diso. Mukachulukitsa 2 ndi 2 mobwerezabwereza mpaka ma 2 akwane 31, mupeza 2,147,483,648, ndipo mukachotsapo 1 mutsala ndi nambala imene munaiona pafonipo. Zonse zochititsa chidwi za nambalayi zimachokera pamenepa.

Nambalayi ili m'gulu limene mabuku a Chipwitikizi amalitchula kuti números primos, kutanthauza nambala zimene sizigawika bwinobwino ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Ana angathe kuyamba okha kufufuza pabolodi: ikuthera ndi 7, choncho 2 ndi 5 sangaigawe, ndipo manambala ake khumi akawonkhetsedwa akukwana 46, kusonyeza kuti 3 nayenso alephera. Nambala zosagawika zopangidwa pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1 zimadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anazindandalika mu 1644. Koma muwachenjeze ana kuti njirayi siibala nambala yosagawika nthawi zonse, pakuti ma 2 okwana 11 kuchotsapo 1 amapereka 2,047, imene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Amene anatsimikiza kuti 2,147,483,647 siigawika ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler mu 1772, pamene maso ake anali atatsala pang'ono kuferatu, ndipo kwa ine njira yake ndiyo phunziro loyenera kulowa m'kalasi. Sanayese nambala zonse. Poyamba, panalibe chifukwa chopitirira 46,340, popeza 46,341 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imaposa kale nambala yathuyi, ndipo nambala ikakhala yogawika, chimodzi mwa zoigawa sichingapose nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imafika pa nambalayo. Komanso zinali zodziwika kuti choigawa chilichonse chiyenera kutsalitsa 1 chikagawidwa ndi 62, monga 63, 125, 187, 249 ndi 311. Zinayi zoyambazo n'zogawika kale, ndipo n'zokwanira kuyesa nambala zosagawika zokha, motero yoyamba kuyesedwa ndi 311. Apatseni ana kuti aigawe pamanja, aone okha kuti pali chotsala.

Tsono za foni. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32, ndipo kamalo kalikonse kamalandira 0 kapena 1 basi. Kamodzi kamasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndiye totsala 31 tikadzaza ndi ma 1 okhaokha timapereka 2,147,483,647. Zimafanana ndi mita ya mtunda pa njinga yamoto ikafika pa ma 9 okhaokha: kutsogolo kulibenso malo. Opanga masewerawo anasankha kuti mapointi aime pamenepo, koma m'mapulogalamu ena kuwonjezera 1 kumagwetsera nambalayo pansi pa ziro, pa −2,147,483,648.

Nkhaniyi si ya masewera okha. Makompyuta ena akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo masekondiwo adzafika pa nambala yomweyi pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno ku Tete. N'chifukwa chake makina atsopano akusamukira ku timalo 64.