Mariya kapena Mariamu: kodi ndi maina awiri?

Mayi wina wa ku Namwera watitumizira imelo. Iwo ndi Akatolika, amuna awo ndi Asilamu, ndipo kwabadwa mwana wamkazi. Apongozi akuti mwanayo akhale Mariamu, pomwe iwo mtima uli pa Mariya. Funso lawo: "Kodi maina amenewa ndi osiyana? Nanga bambo mfumu angalole Mariamu pa ubatizo?"

Mayi, inu ndi apongozi anu mukulimbirana dzina limodzi lomwelo. Gwero lake ndi Chiheberi: Miriamu, mlongo wa Mose ndi Aroni, uja anatenga lingaka nkutsogolera amayi kuvina Aisraeli atawoloka nyanja (Eksodo 15:20). Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo mmenemo dzina la mayi wa Yesu limapezeka palembedwe pawiri, Mariam ndi Maria. Chilatini chinasankha Maria, lomwe amishonale anafika nalo kuno. Chiarabu chinasunga Maryam, lomwe pakamwa pathu linasanduka Mariamu. Mu Qur'an, Sura 19 imatchedwa ndi dzina lake, ndipo ndi mkazi yekhayo wotchulidwa dzina m'buku lonselo. Apongozi anu akulemekeza mayi yemweyo amene inu mumamutchula pa kolona.

Pa tanthauzo akatswiri amasiyana. Ena amalilumikiza ndi mawu a Chiheberi onena za kuwawa. Ena amati linachokera ku Iguputo, ku mawu otanthauza wokondedwa, ndipo ife timatsamira kumeneko, poti Miriamu anabadwira komweko. Koma zoti Mariya ndi "nyenyezi ya panyanja", ngakhale zimakoma m'makutu mwa ife a kunyanja kuno, zinayamba ndi kuphonya kwa cholembera. Jerome Woyera, womasulira Baibulo m'Chilatini, analemba stilla maris, dontho la nyanja, ndipo okopera mabuku pamanja anasintha lemba limodzi nkukhala stella maris. Dzina loti Stella Maris linabadwa choncho.

Ku parishi musade nkhawa ndi dzinalo. Malamulo a Mpingo a 1983, pa kanoni 855, amangoletsa dzina losemphana ndi chikhristu, ndipo Mariamu sali m'gulu limenelo. Chimene bambo mfumu adzafunse kwenikweni chili pa kanoni 868: kodi kholo limodzi lavomera, ndipo pali chiyembekezo chenicheni choti mwanayo adzaleredwa m'chikatolika? Nkhani imeneyo mukambirane ndi amuna anu kunyumba musanapite kwa akatekisi, chifukwa ndi yomwe imaimitsa ubatizo, osati dzina.

Pamene ambiri amagwa mphwayi mpaka kudzalira pambuyo ndi pa kalembedwe. Kuchipatala namwino alemba Mary, m'buku la ubatizo mulowa Maria, aphunzitsi a Sitandade 1 alemba Mariam monga amvera. Mwana akadzafika pa mayeso a MANEB, kapena akadzakwana zaka 16 nkukafuna chiphaso cha unzika ku NRB, mapepala ake amaoneka ngati a anthu atatu, ndipo kukonza kwake kumafuna kukalumbira ndi maulendo a ku boma.

Choncho gwirizanani kalembedwe kamodzi musanalembetse chiphaso cha kubadwa. Lembani dzinalo papepala m'zilembo zikuluzikulu, muzilipereka kwa aliyense wolemba, ndipo muwerenge zomwe walemba musanachoke pa tebulo pake. Kumudzi agogo azingoitana Mariamu ngakhale papepala pali Maria; palibe ofesi yomwe idzafunse zimenezo.