Matcheni amene anandigulitsitsa firiji

Mlamu, uthenga wanu ndauona. Mukuti chilimba, ndalama zosonkherana mosinthana zija, chikugwerani mwezi wamawa, ndiye ndikuuzeni mmene geni ya ndolo, mphete ndi matcheni asiliva imayendera, kokaoda ndi phindu lake. Phindu lake! Aliyense amayambira pomwepo. Mwaona mpanda wa njerwa umene ndamanga ku Kapata, koma chaka chimene ndinkazemba anthu a ku tchalitchi kwathu podzera kuseri kwa msika munali musanakwatiwe kwathu kuno.

Kanambala ka 925 kamene mumakaona pa loko ya tcheni kamatanthauza kuti pa magalamu 100 aliwonse, 92.5 ndi siliva, otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa. Siliva payekha ndi wofewa, mphete yake ingapindike mukungofinya zochapa. Pamwamba pake amakutapo chitsulo choyera chotchedwa rhodium kuti aziwala mbee osathimbirira msanga, kapena golide. Amaviika m'madzi a mankhwala n'kudutsitsamo magetsi, chitsulocho chimamatirira kochepetsetsa. Ku America, kuti siliva wokutidwa golide atchedwe vermeil, golideyo asachepere ma micron 2.5, ndipo tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa kuposa pamenepo maulendo ambirimbiri. Zambiri zimene timagulitsa ife sizifikako n'komwe. Koma chimene sanandiuze aliyense n'chakuti kachidindo ka 925 amakakhoma munthu aliyense amene ali ndi kanyundo.

Ndinapita ku Dar es Salaam ndi ndalama za chilimba ngati zanuzo, kuphatikizapo kaloba, ngongole ya katapila ija. Ulendo wachinayi umenewo, ndikudziona ngati katakwe. Mnyamata wina wa m'sitolo, waulemu, mpaka anandigulira tiyi wa zonunkhira uja, anatulutsa bokosi pansi pa kauntala. Matcheni 200 ndi ndolo zake, kuwala ngati akuthira madzi, aliwonse 925 yake pa loko. Mtengo unali pafupifupi theka la umene ndinkaodera. Ine n'kutulutsa maginito anga m'chikwama monyada, kugunditsa, osakakamira. Ndinati basi, siliva ameneyu. Mlamu, maginito amagwira chitsulo. Mkuwa ndi brasi sizigwira maginito, chimodzimodzi siliva. Mnyamata uja ankandiyang'ana ndikuyesa katundu wake, akumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndimakulotabe.

Pobwera, paboda ina imene sinditchula, bwana wina wa mimba yake anatsegula bokosi lija, n'kuvala magalasi, n'kuwerenga 925. Lisiti langa analikankhira pambali ndi chala chimodzi, akuti siliva sagulidwa motchipa chonchi, mayi mwalembetsa lisiti labodza. Anaika mtengo wa m'mutu mwake, msonkho n'kuwerengera pamenepo. Basi inandisiya. Ndinagona pakhonde usiku uwiri, bokosi lili kumutu, chitenje chimodzi, mpaka amuna anga, mchimwene wanu, atatumiza ndalama pafoni. Taganizani, msonkho wa siliva weniweni ndinaulipirira brasi. Bwana ameneyo akanakhala wodziwa ntchito yake akanangopala tcheni limodzi n'kundipulumutsa, koma iwo chimene amadziwa ndi kukufunsa kuti mayi, kodi simutisiyirako ya drinki?

Nditafika ku Chipata katundu anayenda ngati zitumbuwa. Unali Okutobala, maukwati ali mbwee, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wa kwaya yathu anatenga maseti 12 a operekeza mkwati ndi ena a azakhali, pangongole ya theka. Atsikana anayamba kuwavala poyeserera masitepe masabata awiri ukwati usanachitike, thukuta kamukamu tsiku lililonse. Loweruka la ukwatiwo, asanafike n'kuholo komwe, makosi onse anali ndi mzere wobiriwira, madiresi oyera atathimbirira m'kolala. Wina makutu anatupa, akutuluka madzi, chifukwa pansi pa kasiliva kopyapyalako anaikapo nickel, ndipo anthu ambiri khungu lawo siligwirizana nayo. Zithunzi zilipo mpaka lero. Amake mkwati anabwera kunyumba Lolemba m'mawa ndi anzawo atatu, sanakhale pansi, anangokhuthula matcheni aja pa mphasa pamaso pa apongozi anga.

Ndinabweza ndalama kwa aliyense amene anabwera, ndipo anabwera ambiri, ena ochokera ku Katete. Wa kaloba naye sanamve zoti ndinapusitsidwa. Firiji inapita, mashini osokera anapita. Achimwene anu anakhala mwezi wathunthu akundiyankha ndi mphuno.

Chiyambire pamenepo sindichoka panyumba popanda kafayilo, sikelo ya magalamu ndi kabotolo ka asidi woyesera. Ndimasankha ndekha tcheni pakati pa mulu, osati limene wandipatsa mwini sitolo, n'kupala pafupi ndi loko mpaka ndilowe mkati. Siliva amakhala woyera mpaka mkati. Mukaona chikasu kapena kufiirira, bwezani. Mukadonthezapo asidi pa brasi pamachita thovu lobiriwira, pa siliva pamangoyera ngati mkaka. Wogulitsa akakana kuti mupale, mutsanzikeni mwaulemu. Masiku ano ndimangonyamula m'manja n'kudziwa, siliva amalemera kuposa brasi wa kukula komweko, koma dzanja limeneli ndinaligula ndi firiji, inu simunafikepo. Ndipo siliva weniweni amagulitsidwa pa galamu. Munthu akakutchulirani mtengo wa pa dazeni osakhudza sikelo, dziwani kuti mukugula zoseweretsa.

Za mapepala musandifunse zambiri, mukaziona. Chokhacho, musanamizidwe ndi amene amati pali njira yachidule ya pa boda ya amalonda ang'onoang'ono, ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a dera lathu lino. Ilipodi, ya katundu wosapitirira madola 2,000, koma ndi ya zinthu zopangidwa m'maiko athu omwe ano zimene zili pa mndandanda wake. Ndolo zochokera ku China kapena ku Thailand sizilowamo. Pa Mwami, chitsegulireni boda yatsopano mu Disembala 2022 timaima malo amodzi m'malo mwa awiri, ndiye ndikapita ku Lilongwe kukasiya katundu kwa makasitomala anga ndimabwerako tsiku lomwelo. Kale zimenezo zinali maloto. Koma kwacha ya uko musagone nayo m'thumba.

China chimene chingakugwetseni ndi makasitomala eni ake. Ngakhale mumugulitse siliva weniweni, adzabwera pakatha miyezi itatu atakwiya kuti wada. Mukamufunsa bwinobwino, amasamba naye, amachapa naye ndi Jik, amathira perefyumu ali m'khosi. Siliva amada ndi sulfure, ndipo sulfure ali mu mazira, mu anyezi, ngakhale mu timalabala tomangira ndalama tija. Ine ndinadetsapo ndolo mapeya 30 pozimanga ndi malabala, osadziwa. Tsopano chilichonse chimakhala m'kapulasitiki kake kotseka, ndi timapaketi touma tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, makamaka nthawi ya dzinja. Muziwauza kuti chovala chimenechi chimavalidwa pomaliza, mafuta atauma, n'kuvulidwa poyamba. Kupukuta ndi kansalu kofewa basi. Za phulusa, mchenga wotsukira mapoto kapena mankhwala otsukira mano, zimenezo zimapala golide yense tsiku limodzi, kenako mlandu ndi wanu. Mphete ndi imene imasuluka msanga chifukwa dzanja silipuma, choncho yokutidwa golide sindigulitsa kwa munthu wofuna ya ukwati, ngakhale andichonderere. Ndinataya kale dzina kamodzi.

Kokaoda sindikulemberani pano, anthu a ku Saturday Market ali ndi maso. Mubwere Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Matcheni aja anatsala 60, ali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, abiriwira ngati ndere za pa chitsime. Ndidzasakaniza ndi enieni asanu nditawapukuta onse, ndikupatseni fayilo, musankhe. Mukalephera, chilimba chanucho mukagulire mbuzi.